M'mimba mwa Azakhali

Bambo anga sakhulupirira mawu a munthu woimba. Amati pakamwa pa woimba m'pantchito, pamatulutsa zokoma ngakhale mumtima mulibe kanthu. Akafuna kumudziwa munthu amayang'ana chida chake. Akhala akukonza magitala, mavayolini ndi zonse za nsambo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo amati palibe chida chinawanamizapo.

Choncho tsiku limene Kamba anavala jekete n'kubwera kushopu kudzanena kuti akufuna kundikwatira, Bambo sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kupala khosi la gitala ya munthu wina, ine ndili kuseri kwa shelefu ndikunamizira kupukuta mabotolo a guluu.

"Ndamva kuti besi yako ikulira moipa masiku ano," anatero.

"Ikunjenjemera pang'ono, Bambo. Pa nsambo yaikulu."

"Ubwere nayo Lolemba. Tsiku limene ndidzakubwezere, udzatenganso yankho lako."

Musawaone ngati ankhanza. Achemwali anga anakwatiwa ndi woimba lipenga, mwamuna wa mawu otsekemera, amene anapita kunja kukaimba kwa milungu iwiri ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo Bambo akamva zoti woimba, amamva zoti wapaulendo. Ine ndine mzime wawo, ndipo ndi dzina limene amandiitana nalo mpaka lero. Chimwalirireni Amayi, m'nyumba ndi m'shopu tinatsalamo awiri.

Kamba si dzina la pa chiphaso. Anzake a m'bandi anamutcha choncho chifukwa amayenda pang'onopang'ono atabereka besi yake kumsana, besi ija yathabwa, yoimirira, yotalika kuposa munthu. Besiyo nayo ili ndi dzina. Amaitcha Azakhali, chifukwa m'galimoto imalanda mpando wabwino, imadandaula ndi mawu apansi, ndipo palibe amene angaisiye pakhomo. Kamba anayamba kuimba ali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'maukwati, pa gitala ya besi yobwereka. Kenako anakumana ndi nkhalamba ina ya jazi yomwe inamuphunzitsa kuwerenga ndi kupeka nyimbo, ndipo pomwalira inamusiyira Azakhali. Lero bandi yake imaimba nyimbo zopeka iye, ndipo pakutha pa milungu iwiri ankayenera kulowa mu situdiyo kukajambula chimbale chake choyamba.

Ine ndinamudziwa chifukwa cha utomoni wopaka pa uta. Anagula kabokosi kamodzi, kamene munthu amatha nako chaka. Mawa lake anabweranso. Pofika kabokosi kachisanu ndinamufunsa ngati amadya utomoniwo, ndipo anachita manyazi mpaka anawomba chitseko potuluka. Papita chaka ndi miyezi iwiri, ndipo ndimamukonda kwambiri.

* * *

Lolemba m'mawa anabwera nawo Azakhali, n'kuwagoneka pa benchi ngati mwana wodwala. Atachoka, Bambo anagogoda thabwa la kutsogolo ndi chala, khutu ali nalo pafupi. Anagogodanso. Kenako anaipendeketsa besiyo, ndipo m'kati munamveka kanthu kakuti waa, ngati masamba ouma.

"Mtanda wa m'kati, wochirikiza thabwali, wamatuka," anatero. "Komanso muli zinyalala. Muuze mnzakoyo kuti mawa titsegula mimba."

Ndinamulembera uthenga nthawi yomweyo. Ndinaona kuti wawerenga. Anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Mimba yonse?"

"Yonse. Ukuchita mantha ngati wopita ku opaleshoni ndi iwe."

"Ine ndimayesa angomata m'mbali."

"Ayi. Chavuta n'chiyani?"

Panapita mphindi zisanu, zomwe kwa Kamba ndi changu.

"Mzime, m'kati muli timapepala tanga. Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti tingatuluke. Chonde usawerenge ndisanabwere."

Ndinamuyankha ndi kachithunzi koseka. Koma ndiuzeni, ndi mkazi uti anauzidwa kuti usawerenge n'kumvera?

* * *

Kutsegula besi si ntchito yothamangira. Bambo anatenthetsa madzi, n'kumalowetsa kampeni kopyapyala pamene thabwa linamatidwa, pang'ono pang'ono, ine nditagwira khosi. Tinayamba eyiti koloko, thabwa linavomera kunyamuka dzuwa lili pamutu.

M'kati munali fumbi, tsitsi la pa uta ndi timapepala topindapinda, tina toyera, tina tofiirira ndi ukalamba.

"Chikomekome cha mkuyu," Bambo anatero motsitsa. Sanamalize, koma ine ndinamva nyerere zake.

Kenako anavala magalasi n'kuwerama. Pa thabwa la kumsana panali zilembo za pensulo zozilala.

"Taona, Mzime. Dzanja langa ili. Ndinalowamo kale m'mimba muno, iwe usanabadwe." Anaseka, kuseka kumene sindinakumve kwa nthawi yaitali. "Ndiye mphunzitsi wa mnzakoyu ndikumukumbuka. Wamtali, wosalankhula. Besi inakhala pano mwezi wathunthu, ndipo iye ankabwera tsiku lililonse folo koloko kudzaiona, ngati ali ndi wodwala m'chipatala. Ine ndili pa benchi, mayi ako ndi amene ankamupangira tiyi, apo pali mpandopo. Ankati munthu wachisoni uja wabweranso."

Anasonkhanitsa timapepalato n'kutiyala pa tebulo, potsatira masiku olembedwapo. Bambo ndi otero, ngakhale misomali amaiika mwa msinkhu. Tinalipo makumi anayi ndi titatu. Kalikonse kanali ndi dzina la nyimbo, tsiku, ndi munthu amene anamupekera.

Kwa Amayi. Kwa Aphunzitsi. Kwa nyumba ya pakona imene anaigwetsa. Kwa galu wanga wa miyendo itatu. Apa ndinamwetulira. Kenako ndinafika pa dzina la Golide, ndipo kumwetulira kunandithera.

Golide ndi amene amaimba ndi mawu m'bandi ya Kamba. Anamutcha choncho chifukwa cha mawu akewo, ndipo ngakhale ine sindingatsutse. Anali chibwenzi cha Kamba kwa zaka zinayi, n'kumusiya, koma bandi sanaisiye. Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'choti Kwa Golide kunalipo kasanu ndi kanayi.

Ndinayang'ana mzere wonse kawiri. Kwa Mzime kunalibe. Ndipo kapepala komalizira, koyera mbee, ka milungu itatu yapitayo, kanali ka Golide.

Bambo sananene kuti ndinakuuza. Anangondipatsa kaburashi kuti ndichotse fumbi m'makona, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kulankhula.

* * *

Tsoka sasimba. Madzulo omwewo, Bambo atapita kukagula zopanira, chitseko chinatseguka ndipo perefyumu analowa mwini wake asanalowe.

"Odi, asisi. Ndimati ndione ngati Azakhali achira. Situdiyo siyembekeza munthu."

"Achira nthawi yake," ndinatero, ndikuyesa kuphimba tebulo ndi nsalu. Ndinachedwa.

Golide anaima, n'kuchotsa magalasi a dzuwa. Anayenda motsatira mzere wa timapepala, chala chili m'mwamba, akuwerenga ndi milomo.

"Ndiye ankanena zoona," anatero. "Ine ndinkayesa nthabwala, zoti amaponya mayina m'mimba mwa besi." Anawerenga ake mokweza, kamodzi mpaka kasanu ndi kanayi, osadumpha. "Nanga anu ali kuti, asisi? Kapena agwera pansi?"

"Ine sindipikisana ndi galu wa miyendo itatu."

Anaseka mokoma, ndipo ndinadana nazo kuti ngakhale kuseka kwake kuli ndi nyimbo.

"Musakwiye. Ine mwamunayu sindikumufuna, ndinamusiya ndekha. Koma ndikuuzeni monga mkazi mnzanu. Munthu uja salankhula, zonse zimatulukira m'zala. Mukafuna kudziwa amene akumuganiza, musamve za pakamwa." Anagogoda kapepala komalizira ndi chikhadabo chofiira. "Madzi saiwala khwawa, asisi."

Atatuluka ndinatsegula mawindo onse. Fungo linatuluka, mawu anatsala.

* * *

Lachitatu masana ndinapita kumene amayeserera nyimbo. Ndi chipinda chapansi pa nyumba ina yosanja, makoma ake anakhomamo makapeti akale, ndipo nthawi zonse mumanunkha khofi wozizira. Anzake anali atapita kukadya. Kamba anali yekha pa piyano, akugunda ndi chala chimodzi, manja ake akuoneka amasiye popanda Azakhali.

"Wawerenga," anatero asanatembenuke.

"Unandiuza kuti ndisawerenge. Umayembekezera chiyani?"

Ndinakhala pa bokosi la ng'oma. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, koma anatuluka ochepa.

"Galu ali ndi nyimbo. Nyumba yogwa ili ndi nyimbo. Ine chaka ndi miyezi iwiri, ngakhale kamluzu."

Anatseka piyano. Kamba akafuna kulankhula amayamba wayang'ana zala zake, ngati akuzipempha chilolezo.

"Unaona kuti onse amene ali pa timapepalato akufanana chiyani?"

"Onse si ine."

"Onse kulibe, Mzime. Amayi anamwalira. Aphunzitsi anamwalira. Galu anagundidwa, nyumba anamangapo sitolo ya matayala. Aphunzitsi ndi amene anandionetsa. Ankati chinthu chikakuchokera, usamayende nacho pamtima, chimachedwetsa dzanja. Upeke nyimbo, ulembe dzina, uponye m'mimba mwa besi, achisunge Azakhali. Ine sindinapekepo nyimbo ya munthu amene ndili naye. Sindidziwa n'komwe mmene amayambira."

"Ndiye m'mimba muja ndi kumanda."

"Eya."

"Ndipo Golide unamuika m'manda kasanu ndi kanayi."

"Ankadzuka," anatero, osaseka.

Ndinafuna kuseka ndipo ndinafuna kumuponyera ndodo ya ng'oma. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Komaliza ndi ka milungu itatu yapitayo, Kamba. Nthawi imeneyo unali kale ndi ine. Umandiperekeza, umadya kwathu, umandigwira dzanja. Ukutanthauza kuti nthawi yonseyo anali asanathe?"

Apa mwamuna wina akananama, ndipo mwina ine ndikanasangalala. Koma Kamba kunama kumamuvuta ngati kuthamanga.

"Kanatsala kakang'ono. Osati kumufuna ayi. Mkwiyo. Akamaimba ndili kumbuyo kwake, nthawi zina dzanja linkalimba. Ndinaona kuti sindingavale jekete kupita kwa Bambo ndili ndi mkwiyo wa mkazi wina m'thumba. Ndinaipeka, ndinaponya kapepala, patapita masiku ndinabwera kushopu. Chiponyereni, akamaimba ndimangomva nyimbo basi."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndinkati zikalowa mwa Azakhali zatha. Ndinaiwala kuti ndikufunsira mwana wa munthu wotsegula mabesi."

Pamenepo ndinalephera, ndinaseka. Mtima unali ukupwetekabe, koma unali ululu wa chilonda chotsukidwa.

"Ndiye usandipekere," ndinatero. "Ukadzangoyerekeza kulemba dzina langa pa kapepala, udzandiona."

"Ndi zimene ndakhala ndikuopa chaka chonse."

Anandiperekeza mpaka pokwerera basi, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, ngakhale kumsana kunalibe katundu.

* * *

Bambo ndinawafotokozera tikudya chakudya chamadzulo. Anamvetsera osandidula, akuchotsa minga m'mbale yawo.

"Kamba amanyera amene wam'tola," anatero pomaliza.

"Ababa."

"Ndikungokumbutsa. Si ine ndinam'patsa dzinalo." Anapukuta manja. "Za timapepala ine sindiweruza, ndi za inu awiri. Ine ndawerenga thabwa."

"Ndiye likuti chiyani?"

Bambo akamayamikira munthu amaoneka ngati akumeza mankhwala.

"Lipenga la mlamu wako linkawala kunja ngati galasi, m'kati muli dzimbiri. Iyi ndi yosiyana. Kunja yakalamba, koma palibe pamene inagwetsedwa. Paphewa pali mng'alu wakale, anauphimba ndi kansalu kuti thukuta lisalowe. Khosi ladyeka mbali imodzi, kusonyeza kuti amayeserera tsiku lililonse, osati pa maso pa anthu pokha. Zaka khumi ndi ziwiri akuyenda nayo m'mabasi ndi m'masitepe, chinthu chachikulu chonchija, osachigundika. Munthu wotere sataya katundu."

Ndinaweramira m'mbale kuti asaone nkhope yanga.

"Sindinanene kanthu," anachenjeza. "Muuze abwere Lachisanu masana. Tidzatsekera limodzi mimba, mwini wake alipo. Guluu akauma Lolemba, adzatenga zake zonse ziwiri, besi ndi yankho."

Ndinamulembera Kamba ndili pa sinki, manja ali ndi sopo.

"Akuti sutaya katundu."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti usite jekete lija."

* * *

Lachisanu anafika thu koloko, jekete litawongoka ngati chitseko. Mtanda unali utamatidwa kale, zopanira zitayalidwa pa benchi, guluu akutentha pa kambaula. Bambo anali ndi nkhope yabwino. Anali ataika ngakhale makapu atatu a tiyi.

"Timapepala tako ndi ito," anatero. "Tibwerere m'kati kapena ayi? Chida n'chako."

Kamba anandiyang'ana. "Anene Mzime."

Ndinali nditaganiza kale. "Tibwerere tonse. Koma mutikulunge m'nsalu, asamachite phokoso. Akumanda azigona."

Bambo anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti yankho langa lawakomera. Anatenga kagalasi kawo ka pa ndodo kuti ayang'ane m'makona komaliza, monga amachitira asanatseke chida chilichonse. Anayendetsa kagalasiko m'munsi, m'mbali, mpaka kumtunda kumene khosi limalowa m'thupi. Pamenepo anaima.

"Katsalako kena. Kakanirira kuseri kwa chipika."

Anakatulutsa ndi kopanira kakang'ono. Kanali kofiirira kwambiri kuposa tonse, kopindidwa kanayi, m'mphepete mwake mutadyeka.

"Si kanga ako," Kamba anatero. "Ine ndimapinda kawiri. Ndi ka Aphunzitsi. Ndinkayesa kuti tawo anatulutsa tonse asanamwalire, anandiuza kuti anakhutula."

"Ndiye kamodzi kanakana," Bambo anatero akumwetulira, n'kukatambasula pa benchi pakati pa ife atatu.

Inki inali itazilala koma inkawerengeka. Pamwamba panali dzina la nyimbo: Tiyi wa Folo Koloko. M'munsi mwake, ndi zilembo zazitali zopendekera, panalembedwa kuti: Kwa mkazi wa mmisiri.

Guluu ankabwata pa kambaula. Tonse atatu tinkadziwa kuti m'mimba mwa Azakhali mumalowa mayina a anthu otani, ndipo ndine ndinawafotokozera Bambo ndi pakamwa panga.

Ndinayang'ana tsiku lolembedwa pakona. Chinali chaka chimene ine ndinabadwa.

Bambo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Anayang'ana mpando uja wa pakona. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira chida chimene akuchiona koyamba.

"Nyimbo iyi umaidziwa?" anafunsa, osatembenukira kwa Kamba.

Ndinapemphera mumtima kuti kamodzi kokha m'moyo wake aname.

"Ndimaidziwa, Bambo. Ndi yoyamba imene anandiphunzitsa. Ankaiimba tsiku lililonse mpaka dzanja linasiya kugwira." Anayang'ana zala zake. "Ndi imene ikutsegula chimbale changa."

Bambo anapinda kapepalako kanayi, mmene kanalili, n'kukaika m'thumba la malaya. Anazimitsa kambaula. Anatenga nsalu yaikulu n'kuwafunditsa Azakhali, mimba ili chitsegukire. Kenako anamasula epuloni n'kuipachika pa msomali, dzuwa likadali m'mwamba, chinthu chimene sanachite ngakhale mlungu umene tinaika maliro a Amayi.

"Bambo," Kamba anatero motsitsa, "nanga Lolemba?"

"Ndinati udzatenga yankho tsiku limene ndidzakubwezere chida chako." Anali atafika kale pakhomo, dzanja lili pa thumba la malaya. "Sindikudziwa ngati manja angawa adzachitseke."

Chitseko chinatsekeka. Pa benchi panatsala makapu atatu, tiyi asanathiridwe.